Tsiku Limene Nataipi Anakana Kuzimitsa Chitetezo

Ngati mwafika poti mukadzuka m'mawa simuona chifukwa chotsegulira chitseko, ndimvereni pang'ono. Ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina amene anzake ankamutchula kuti Nataipi.

Tsiku limene anabwezedwa kwa achimwene ake, katundu wake yense anakwana m'chikwama chimodzi ndi m'beseni lochapira. Amene anamuperekeza anali apongozi ake aakazi, ndipo anakana ngakhale mpando. Anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Mwana wanga watopa. Sangamagwire ntchito kuofesi, pobwera adzagwirenso ina kunyumba. Mkazi wosaona ife sitimutha."

Nataipi anangomva nsapato zawo zikupita.

Dzina limeneli analipeza pa ofesi ya maloya, kumene ankataipa makalata. Zala zake zinkathamanga moti loya ankati akamaganiza mawu otsatira, iye n'kuti akumudikira kale. Kenako matenda a maso anabwera mwakachetechete. Anayamba kuona ngati akusuzumira m'paipi, paipiyo n'kumachepa mwezi ndi mwezi. Pamene ankafika kwa adokotala a maso, anamuuza kuti wachedwa. Ntchito ndiyo inayamba kutha, banja linatsatira.

Achimwene ake, amene ankapaka penti m'nyumba za anthu, anamukonzera kachipinda kamene ankasungiramo zitini ndi makwerero. Nataipi ankakhala pa bedi tsiku lonse, chitseko chili chitsekere. Achimwenewo ankamumvera chisoni kwambiri moti ankamupititsira chakudya pa bedi pomwepo, n'kumayankhula monong'ona ngati m'nyumbamo mwagwa maliro.

Mkazi wawo anali munthu wina. Ankagulitsa zovala pamsika, ndipo pakamwa pake panali pa msika pomwe. Tsiku lina anakankha chitseko n'kunena kuti, "Alamu, maso ndiwo apita. Manja ndikuwaona alipo. Dzukani mutsuke mbale."

Nataipi anadzuka ali wokwiya, n'kuswa mbale tsiku lomwelo.

"Imeneyo yapita, zina zilipo," anatero mlamuyo. "Pitirizani."

Nataipi anamuda mlamu wakeyo kwa kanthawi. Koma anayamba kudziwa pamene pali mpopi, pamene pali sitepe, pamene amaika mchere. Mbale zinasiya kusweka.

Masana ena atakhala patebulo, wailesi ili chilankhulire, mlamuyo anaona zala za Nataipi zikugogoda tebulo mofulumira.

"Nanga ng'oma imeneyi ndi ya gule wanji?"

"Ndikutaipa zimene akunena pa wailesipo. Zala zimangochita zokha."

Patapita masiku, mlamuyo anabwera kuchokera kumsika ndi nkhani. Mayi wina wogula anamuuza za malo amene amaphunzitsa anthu osaona kugwiritsa ntchito kompyuta.

"Sindipita," anatero Nataipi. "Anthu onse amene ankandidziwa andiona ndikupapasa mumsewu."

"Akuonani, inde. Inu simuwaona. Ndiye vuto lili pati?"

Aka kanali koyamba kuti Nataipi aseke chibwerere m'nyumbamo. M'mawa mwake anakwera basi limodzi.

Mphunzitsi wa pamalopo anali bambo wachikulire, wosaonanso. Anamukhazika pampando, n'kumuveka mahedifoni, n'kumuuza kuti kompyutayo ili ndi pulogalamu imene imawerenga mokweza chilichonse chimene chili pa sikirini. Nataipi anaika manja pa kiyibodi. Zala zake zinapeza zokha timizere totukuka pa zilembo zapakati. Anataipa chiganizo chimodzi, kompyuta n'kumubwezera mawu akewo m'makutu, opanda cholakwika. Anachotsa mahedifoni n'kulira, mphunzitsiyo anangomusiya alire.

Atazolowera, mphunzitsiyo sanamubisire. "Mwana wanga, ntchito yotaipa inatha. Masiku ano bwana aliyense amadzitaipira yekha, ngakhale ndi chala chimodzi. Koma pali makompyuta aakulu otchedwa maseva, amene amasunga zinthu za kampani yonse. Amenewo sayendetsedwa ndi zithunzi. Umalemba lamulo, iwo amakuyankha ndi mawu. Kumeneko woona ndi wosaona amayambira pamodzi."

Nataipi anazigwira ndi manja awiri. Zinali zovuta. Ankasokoneza malamulo, ankafufuta zosafunika kufufuta, tsiku lina anadzitsekera yekha kunja kwa kompyuta yophunzirira moti mphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Mayeso oyamba analephera. Anabwera kunyumba n'kulowa m'kachipinda kaja, koma m'mawa mwake anatulukamo yekha asanamukankhire chitseko. Kachiwiri anakhoza.

Kukhoza mayeso ndi kupeza ntchito ndi zinthu ziwiri. Ankaitanidwa chifukwa cha mapepala ake, koma ndodo yake ikangogogoda pakhomo la ofesi, ankamva chipinda chonse chikuzizira. Mafunso ankakhala a mmene angakwerere masitepe, osati a maseva. Pomaliza onse ankanena mawu amodzimodzi: "Tikuimbirani."

"Foni yawoyo mwina ikadali ku fakitale," mlamu wake ankatero, uku akumusitira bulauzi yoti akavale kwina.

Amene anamutenga anali mkulu wa makompyuta pachipatala china chachikulu, bambo wosayankhulayankhula. Iye sanafunse za masitepe. Anamupatsa kompyuta imene anali ataisokoneza dala, n'kumuuza kuti aikonze. Ataikonza, mkuluyo anati, "Bwerani Lolemba. Muyamba moyeserera, zikayenda bwino tidzakulembani."

Ofesi yawo inali kachipinda kozizira kuseri kwa malo olandirira mankhwala, kodzaza ndi mawaya ndi phokoso la mafani a seva. Ankakhalamo ndi mnzake wa ntchito, bambo wa banja lake, wamimba yabwino, amene chipatala chonse chinkamudziwa kuti Chidule. Munthuyu sankadutsa njira yaitali ngati pali yaifupi, kaya ndi pa kompyuta kaya ndi popita ku kantini. Anali wa mtima wabwino. Vuto lake linali losuntha mipando osanena, ndipo Nataipi akagunda bondo, Chidule ankapepesa ndi kapu ya tiyi.

Nthawi imeneyo chipatala chinali chitangoika pulogalamu yatsopano. Anamwino, madokotala ndi a mankhwala ankalowamo ndi pasiwedi yawo kuti aone mbiri ya wodwala, zotsatira za magazi ndi mankhwala olembedwa. Anthu a kampani imene inaiika anaiyesa, anaona kuti ikuyenda, n'kupita.

M'mawa wina magetsi anathima pang'ono, seva inazima n'kuyakanso. Kuchokera pamenepo palibe amene analowanso mu pulogalamuyo. Aliyense akalemba pasiwedi yake, inkamukana.

Tsikulo mkulu wa makompyuta anali pa ulendo wa kumaliro a malume ake, ndipo foni yake sinkapezeka. Foni ya mu ofesi inayamba kulira osapuma. Kunja kwa chitseko Nataipi ankamva mzere wa odikira mankhwala ukukula, ana akulira, mabenchi akukwekwesedwa.

Anavala mahedifoni n'kuyamba kumvetsera malipoti amene seva imalemba yokha pa chilichonse chochitika mkati mwake. Ankaikweza liwiro kompyutayo moti Chidule ankati imamveka ngati mbalame zikukangana. Pakati pa phokoso lonselo anamva mawu amodzi akubwerezabwereza: yakanidwa, yakanidwa.

Ndikufotokozereni mwachidule kuti mumvetse chimene chinali patsogolo pake. Mu seva muli fayilo imodzi imene imasunga mapasiwedi a antchito onse. Mulinso malamulo achitetezo amene amanena kuti pulogalamu yakuti ikhoza kukhudza fayilo yakuti, koma yakuti ayi. Anthu a kampani aja, pofuna kumaliza msanga, anafewetsa chitetezocho poyesa pulogalamu yawo. Seva itayakanso, chitetezo chinabwerera mwamphamvu zake zonse. Pulogalamu yatsopano ija inkafuna kutsegula yokha fayilo ya mapasiwedi, ndipo malamulo ankaikaniza.

Nataipi atamufotokozera, Chidule anapuma mpweya wautali. "Ndiye basitu, zatheka. Tizimitse chitetezocho. Ndi mzere umodzi wokha, anthu alowa, ife timwe tiyi."

"Ayi, achimwene."

"Ayi bwanji?"

Asanayankhe, chitseko chinatseguka. Analowa adokotala aakulu a chipatalacho, ndipo mpweya wawo unkamveka kuti athamanga.

"Ndani akukonza zimenezi?"

"Ndine, adokotala," anatero Nataipi.

"Ndili ndi mayi woyembekezera amene akufunika opaleshoni, ndipo zotsatira za magazi ake zili m'makina anuwa. Ndamva panja kuti pali njira yachangu. Ichiteni."

Iyi inali ntchito imene Nataipi anaisaka mpaka nsapato kutha, ndipo anali asanalembedwe n'komwe. Kumvera kunali kosavuta. Palibe amene akanamudzudzula tsikulo.

"Ndipatseni nambala ya mayiyo," anatero. "Ine ndikhoza kulowa mu seva mwanjira yanga ya ntchito. Ndikutulutsirani zotsatira zake panopa, ndi za aliyense amene sangadikire."

Adokotala anatchula nambalayo. Makina osindikizira analira, pepala linatuluka, Chidule analipereka m'manja mwawo. Adokotalawo anatuma namwino amene anali pakhomo kuti athamange nalo, iwo n'kutsala.

"Nanga enawo? Chipatala chonse chaima."

"Adokotala, pulogalamu imeneyi ndi yolumikizidwa ku intaneti. Ndikazimitsa chitetezo, wina akadzailowerera kuchokera kunja adzatenga mapasiwedi a chipatala chonse, yanu yomwe. Akatero adzawerenga matenda a munthu aliyense amene anagonapo muno. Adzathanso kusintha mankhwala olembedwa m'dzina lanu. Chitetezochi sichinawonongeke. Chikugwira ntchito yake. Yolakwa ndi pulogalamuyi, ndipo ndi imene ndikufuna kukonza."

"Ndamva kuti ndinu woyeserera ntchito. Mukudziwa kuti zikakanika zigwera inu?"

"Ndikudziwa."

Adokotala anati, "Ndiuza anamwino ayambe alemba pamanja. Aliyense wofulumira ndimutumiza kuno. Koma musandichedwetse."

Atatuluka, Chidule anakoka mpando. "Achemwali, mwandiika m'madzi. Chabwino, tisambire limodzi. Ndichite chiyani?"

Nataipi anayesa njira yoyamba imene inamubwerera m'mutu. Anasintha, anayatsanso pulogalamu, anaimbira a mankhwala. Inakanabe. Pakati pa zonsezo anamwino ankabwera ndi manambala a odwala ofulumira, iye n'kumasiya zimene akuchita, kuwatulutsira mapepala, n'kubwereranso.

Anatsegula buku la malangizo limene kampani ija inasiya mu kompyuta. Pulogalamu yake yowerenga inangoti zii. Masamba onse anali ojambulidwa ngati zithunzi, ndipo pulogalamuyo siwerenga zithunzi.

"Apa ndiye pafunika maso anu," anauza Chidule. "Werengani mokweza, osadumpha."

"Ine osadumpha? Mwandipatsa chilango."

Anawerenga ndithu, mzere ndi mzere, uku foni ikulira pambali pake. Atafika patsamba lina, Nataipi anakweza dzanja. "Bwerezani pamenepo."

Pulogalamuyo inali ndi njira ziwiri zotsimikizira pasiwedi. Yoyamba inali yotsegula yokha fayilo ija. Yachiwiri inali yofunsa kapulogalamu kakang'ono ka mu seva momwemo, kamene malamulo amakalola kuona fayiloyo. Kapulogalamuko sikapereka mapasiwedi kwa aliyense. Kamangoyankha kuti inde ndi yolondola, kapena ayi. Anthu a kampani anali atasankha njira yoyamba.

Zala za Nataipi zinathamanga ngati kale. Anasintha njirayo, anamvetsera zimene walemba kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuyatsanso pulogalamu. Anatchera khutu ku malipoti. Mawu aja oti yakanidwa sanabwerenso.

Foni inalira. Chidule anaiyankha, anamvetsera, n'kuiika pansi mwaulemu ngati dzira.

"A mankhwala alowa. Ku wodi ya amayi alowanso."

Kunja mzere unayamba kusuntha. Nataipi anachotsa mahedifoni, n'kuzindikira kuti bulauzi yake yanyowa kumsana konse.

"Lero Chidule wadutsa njira yaitali," anatero mnzakeyo akudzitambasula. "Miyendo ikuwawa, koma musakauze anthu. Dzina lingandithere."

Masana mkulu wa makompyuta anapeza netiweki n'kuimba. Nataipi anamufotokozera zonse, kuphatikizapo njira yoyamba imene inakanika ija. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwachita zimene ndikanachita ine," anatero. "Kungoti ine ndikanayamba ndatukwana kaye."

Sikuti onse anamuyamikira tsikulo. Anamwino ena anadandaula kuti manja awawa ndi kulemba, ndipo m'makonde munamveka zoti mayi wosaona uja waimitsa chipatala chifukwa cha makani. Nataipi anazimva zonsezo. Makutu ake sankaphonya kanthu. Anapitiriza kubwera m'mawa uliwonse, kumagunda mipando ya Chidule ndi kumamwa tiyi wa chipepeso.

Patapita miyezi ingapo, mkulu wa makompyuta anamuitana atangofika. Mawu ake anali achilendo.

"Valani mahedifoni mumve izi."

Munthu wina wakunja anali atapeza pofooka pa pulogalamu ija, n'kuilowerera kudzera pa intaneti. Atalowa, analunjika ku fayilo ya mapasiwedi. Malipoti ankaonetsa mmene anayesera uku ndi uku, kubwerera, kuyesanso. Paliponse yankho linali limodzi: yakanidwa. Anachoka chimanjamanja. Tsiku lomwelo mkuluyo, Nataipi ndi Chidule anatseka pofookapo, n'kuuza kampani ija kuti ikonze pulogalamu yake.

Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a chipatala. Sabata yomweyo adokotala aakulu anabweranso m'kachipinda kozizira kaja, ulendo uno akuyenda pang'onopang'ono. Anagwira dzanja la Nataipi ndi manja awo onse awiri.

"Tsiku lija ndinatuluka muno nditakwiya nanu," anatero. "Mayi uja ali bwino, mwana wake akukwawa. Ndipo ndauzidwa kuti dzina langa likadali langa chifukwa cha makani anu. Ndabwera ndi uthenga wa akuluakulu. Kuyeserera kwatha, ntchito ndi yanu."

Chidule ndiye anayankha m'malo mwa Nataipi. "Akuti zikomo, adokotala. Akutinso pasiwedi yanu ija musinthe, chifukwa chaka chimene munabadwa chipatala chonse chikuchidziwa."

Adokotala anaseka mpaka kugwira chitseko, ndipo anaisintha asanatuluke.

Lero Nataipi ndiye amayang'anira chitetezo cha makompyuta onse a chipatalacho. Kampani iliyonse imene ikufuna kuikamo pulogalamu imayamba yakhala naye pansi, ndipo amaifunsa mafunso mpaka thukuta. Zipatala zina zimamupempha kuti akaphunzitse antchito awo. Akalowa m'chipinda chophunzitsira, anthu amayamba ndi kudabwa, koma pofika nthawi yopuma amakhala akukanganirana kukhala pafupi naye.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwataya chinthu chimene sichidzabweranso. Mwina ndi thanzi, mwina ndi ntchito, mwina ndi munthu amene munkamudalira. Sindikunamizani kuti n'zopepuka. Mayi ameneyu saonabe mpaka lero. Koma anaphunzira ntchito yake mpaka kuidziwa mkati mwake, ndipo tsiku limene mantha anamuuza kuti angomvera, iye anaima pa chimene ankadziwa kuti n'cholondola.

Nanunso tsiku lanu likubwera, ndipo silidzakuuzani kuti lafika. Likupezeni mukuphunzira, likupezeni mukuyesanso. Mukalephera lero, mawa mudzuke mupitenso. Musataye mtima, abale anga, nkhani yanu sinathe.